Linki Yopulumutsa Bandulo: Nkhani kwa Olemba Mapulogalamu a kwa Nsamala

 

Lero ndicheza ndi achinyamata amene amalemba mapulogalamu a pakompyuta, komanso amene angoyamba kuphunzira ntchitoyi. Makolo, musatseke wailesi. Nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa nthawi zambiri ndalama ya bandulo imene mwana wanu amathera pa laputopu usiku uja imachoka m'thumba mwanu.

Anthu ena amaganiza kuti zamakompyuta ndi za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Koma kumbukirani kuti Chipatala Cha Pa Foni, chimene anthu amaimbira foni kufunsa za umoyo, chinayambira kuno ku Balaka mu 2011, pamene bungwe la VillageReach linachiyesa koyamba pothandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Chitaoneka kuti chikugwira, chinafalikira dziko lonse ndipo chinapita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Malipoti a pamwezi a m'zipatala zathu amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, imene khodi yake ndi yotseguka kwa aliyense. Ku Lilongwe nako, a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongodina pa sikirini pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Zinthu zonsezi sizimalembedwa kamodzi n'kutha. Tsiku ndi tsiku pamakhala wina amene akukonza apa, kuwonjezera apo. Funso langa ndi lakuti, kodi wokonzayo sangakhale mwana wa kuno, atakhala pakhonde kwawo kwa Nsamala?

Angathe, koma afunika kudziwa njira zogwirira ntchito zosadya nthawi ndi bandulo. Imodzi mwa njirazo ndi imene ndikufuna tiione bwino lero.

Tiyambe ndi command line. Ambiri tinazolowera kudina zithunzi pa sikirini. Koma pakompyuta pali kazenera kena, nthawi zambiri kakuda, kotchedwa terminal, momwe munthu amalemba lamulo ndi zala, n'kudina Enter, kompyuta n'kuchita zimene wauzidwa. Zida za m'kazenera kameneka n'zopepuka. Zimayenda ngakhale pa laputopu yakale yogula pa kaunjika, ndipo ntchito imene mukanaibwereza maulendo ambirimbiri ndi dzanja zimaimaliza ndi mzere umodzi. Git, imene Linus Torvalds analemba mu 2005, ndi chida chotere. Chimodzimodzinso pip ya anthu a Python, npm ya anthu a JavaScript, ndi gh ya GitHub.

Tsono amene analemba zida zimenezi sakanadziwa zosowa za munthu aliyense. Sakanadziwa kuti ku Balaka kuli kalabu ya alimi a thonje imene ikufuna lipoti m'Chichewa ndi m'Chiyao. N'chifukwa chake ena mwa iwo anasiya mpata woti wina alembe kachidutswa kake n'kukalumikiza ku chidacho. Tizidutswa timeneti ndi timene timatchedwa ma extension kapena ma plugin. Ine ndizinena kuti zowonjezera.

Vuto limabwera pamene mukulemba chowonjezera chanucho. Khodi yanu ili m'foda yanu, koma chida chachikulu chimayang'ana zowonjezera kumalo ake ena kumene chimasunga zinthu zoikidwa kale. Munthu wosadziwa amatani? Akasintha mzere umodzi, amamanga phukusi lonse, n'kuliika mu chida, n'kuyesa. Akapeza kuti waiwala kadontho, amabwerera, amamanganso, amaikanso. Ena mpaka amatumiza phukusilo pa intaneti n'kulitsitsanso, kuti angoona ngati chilembo chimodzi chakhala bwino. Pofika madzulo, bandulo yatha, batire yatha, ntchito yeniyeni sinayende.

Njira yachidule ndi kulumikiza. M'malo mopatsa chida kope la khodi yanu, mumachipatsa adiresi ya foda imene mukugwiramo ntchito. Pakompyuta za Linux ndi Mac pali kafayilo kapadera kotchedwa symbolic link, kamene mkati mwake mulibe china koma adiresi ya malo ena. Luso limeneli ndi lakale, linalowa mu Unix ya ku yunivesite ya ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chida chikafika pa kafayiloko, chimatsatira adiresiyo n'kukawerenga khodi yanu momwe ilili nthawi yomweyo. Mukasintha mzere n'kusunga, basi, yesani pompo. Palibe kumanga phukusi, palibe kutsitsa kanthu.

Tsopano tengani cholembera, ndikuuzeni malamulo ake pang'onopang'ono.

Kwa inu a Python: lowani m'foda ya chowonjezera chanu, momwe muli fayilo ya pyproject.toml. Lembani kuti pip, mpata, install, mpata, kamzere kakang'ono ndi chilembo e, mpata, kadontho. Ndibwereze: pip install -e ndi kadontho kumapeto. Kadonthoko kakutanthauza foda imene mulimoyo. Chilembo e chikuuza pip kuti isakope khodi, ingolemba kumalo ake kuti khodi ili kwakuti. Koma musanatero, pangani kaye malo apadera a ntchito imeneyo ndi python -m venv, kuti zoyesa zanu zisasokoneze zina zonse za pakompyutapo. Chinanso, ulendo woyambawu chitani netiweki ilipo, chifukwa pip imafuna kutsitsa tizida tomangira. Zikatha, mungathe kugwira ntchito masiku ambiri deta ili yozimitsa.

Kwa inu a JavaScript, masitepe ndi awiri. M'foda ya chowonjezera lembani npm link. Kenako pitani m'foda ya pulogalamu imene ikufuna chowonjezeracho, mulembe npm link ndi dzina lake. Sitepe yoyamba ikulengeza kuti chinthuchi chilipo pakompyuta pano, yachiwiri ikuchikokera pamene chikufunika.

Kwa inu ogwiritsa ntchito gh ya GitHub, imene inayamba kulandira zowonjezera mu 2021: dzina la foda yanu liyambe ndi gh ndi kamzere, ndipo mkatimo mukhale fayilo yotha kuyendetsedwa ya dzina lomwelo. Mukatero lembani gh extension install ndi kadontho. Zida zomangidwa pa oclif, monga za Heroku ndi Salesforce, zili ndi lamulo lake lotchedwa plugins link, ndipo ganizo lake ndi lomwelo.

Git ndiye siivuta n'komwe. Mukalemba kapulogalamu n'kukatcha git-lipoti, n'kukaika pamalo pamene kompyuta imayang'ana malamulo, kapena kuika linki yake pamenepo ndi ln -s, ndiye kuti mukalemba git lipoti kadzayenda ngati kuti kanabadwira mu Git momwemo.

Mayina ndi osiyana, koma ntchito ndi imodzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tabwereranso, omvera. Amene mwangotipeza kumene, tikukamba za kulumikiza zowonjezera ku zida za pa command line.

Tiyeni tiyerekeze. Mtsikana wina wamaliza maphunziro a zamakompyuta, kaya ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ku Zomba kapena ku Mzuni, ndipo wabwerera kwawo kuno akudikira ntchito. Kalabu ya alimi a thonje yamupempha kuti awathandize. Mlembi wa kalabuyo amasunga mayina, manambala a foni ndi makilogalamu a mlimi aliyense mu Excel. Pali kale kachida ka pa command line kowerengera ndalama za aliyense. Chimene akufuna tsopano ndi chowonjezera chokonza uthenga wa SMS wopita kwa mlimi aliyense, wonena kuti mwagulitsa makilogalamu akuti, mulandira ndalama zakuti, tsiku lakuti.

Mtsikanayo walumikiza foda yake ndi pip install -e. Wayesa koyamba, manambala a foni atuluka opanda ziro wakutsogolo. Excel ili ndi khalidwe limenelo: ikaona 0888 kapena 0999 imayesa ndi nambala yowerengera n'kutaya ziroyo. Wawonjezera mizere iwiri yobwezeretsa, wasunga, wayesanso. Zatheka. Koma taonani, manambala ena mlembi anawalemba moyamba ndi +265, ena ali ndi mipata pakati, wina analemba manambala awiri m'bokosi limodzi chifukwa bambo ndi mayi aliyense ali ndi foni yake. Wakonza, wayesa. Wakonzanso, wayesanso.

Kenako waona kuti uthenga umene amayesa ndi umodzi ukuwerengedwa ngati atatu. Chifukwa chake n'chakuti SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma mukangolowetsamo chilembo chimene sichili m'ndandanda wa zilembo za SMS, monga w wa kadenga uja timalemba m'dzina la Malaŵi, kapena apositirofe yopindika yochokera mu Word, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo umangonyamula zilembo 70. Chichewa chathu chadzaza ndi apositirofe: m'munda, ng'ombe, n'kupita. Alimi akakhala 300, kusiyana kwa uthenga umodzi ndi atatu ndi ndalama zenizeni za kalabu. Walemba kamzere kosintha zilembo zimenezo, wayesa, uthenga wabwerera pa umodzi.

Onani kuti zonsezi ndi zinthu zing'onozing'ono, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe akanachidziwiratu asanayese. Zimaoneka pokhapokha wayendetsa khodi pa fayilo yooneka ngati ya kuno. Akanakhala kuti kuyesa kulikonse kukumutengera mphindi zisanu ndi kachidutswa ka bandulo, akanayesa kawiri katatu n'kunena kuti zikhala bwino. Popeza kuyesa kukungotenga kanthawi kodina Enter, amayesa mpaka mtima utakhala pansi. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Phindu la kulumikiza si liwiro lokha. Munthu amene kuyesa sikumudyera kanthu amayesa kwambiri, ndipo ntchito yoyesedwa kwambiri ndi imene sichititsa manyazi pamaso pa eni ake.

Kuno kwathu phindu limeneli limakula kawiri. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Ngakhale siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya ili m'boma lathu lomweli, nyumba zambiri za m'midzi zimadalira kasola kapadenga kapena kukatchajitsa pa msika. Munthu amene ali ndi maola awiri a batire sangawathere podikira kuti zinthu zitsike pa intaneti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khodi imene ili pa laputopu yanu, yoyenda popanda netiweki, ndiyo yanu.

Koma ndikanakhala wabodza ndikanangotamanda osakuchenjezani. Kulumikiza kuli ngati mmene telala amachitira poyesa diresi: amaligwiriza ndi timapini mwini wake atalivala, kuti aone pofunika kubweza ndi pofunika kutulutsa. N'zothandiza kwambiri pa shopu. Koma palibe mkwatibwi amene amapita ku tchalitchi ndi diresi la timapini. Lisokedwe kaye.

Chenjezo loyamba ndi limenelo. Mawu amene amamveka kwambiri pakati pa olemba mapulogalamu ndi akuti, koma kwanga ikugwiratu. Inde ikugwira, chifukwa kwanu chida chikuwerenga foda yanu yonse, kuphatikizapo mafayilo amene munaiwala kuwalemba m'ndandanda wa phukusi. Mnzanu akaika phukusilo pakompyuta yake, fayilo ya mauthenga a Chiyao mulibe, ndipo chida chikungolira. Choncho musanapereke ntchito, chotsani linki. Pangani malo atsopano opanda kanthu, muikemo phukusi monga mmene mwini ntchito adzaikire, muyese pamenepo. Pochotsa, a Python alembe pip uninstall ndi dzina, a JavaScript npm unlink, a GitHub gh extension remove.

Chachiwiri, dziwani chimene chikuyenda. Zimachitika kuti munthu wasintha khodi, wayesa, palibe chasintha, wasinthanso, palibe. Mutu wayamba kuwawa, pomwe chida chikuwerenga kope lakale osati foda yake. Funsani kompyuta. Lamulo la pip list --editable limaonetsa zonse zolumikizidwa ndi malo ake. Lamulo la ls -l limaonetsa kamuvi koloza kumene linki ikupita. Ndipo kumbukirani kuti npm install ikhoza kufufuta linki yanu mwakachetechete n'kuikapo za pa intaneti.

Chachitatu, si zonse zimene linki imazitsatira yokha. Ngati mukulemba mu TypeScript, khodi iyenera kusandulizidwa kaye kukhala JavaScript, choncho siyani lamulo lomangira likuyenda pambali kuti lizimanga mukangosunga. Ku Python, mukasintha dzina la lamulo kapena kuwonjezera zofunika zina mu pyproject.toml, bwerezani pip install -e uja, chifukwa zimenezo zimalembedwa nthawi yoika yokha. Inu amene mukulemba timapulogalamu ta DHIS2, timene timagwiritsa ntchito React, samalani: kulumikiza kungachititse kuti pakhale makope awiri a React, limodzi la pulogalamu, lina la chowonjezera, ndipo zolakwika zake zimakhala zosokoneza mutu.

Chachinayi chikukhudza fulashi. Kuno timapatsana zinthu pa fulashi tsiku lililonse. Mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, ndipo mitundu imeneyi sisunga symbolic link. Ngakhale ikanasunga, adiresi ya foda ya pakompyuta yanu ilibe tanthauzo pakompyuta ya mnzanu. Mupatseni khodi yeniyeni, alumikize yekha kwake. Chimodzimodzinso mukasuntha foda kapena kuisintha dzina, linki imatsala ikuloza pamalo opanda kanthu, ndipo muyenera kulumikizanso. Inu a Windows, dziwani kuti kupanga linki yotere kumafuna chilolezo cha mwini kompyuta kapena kuyatsa Developer Mode. Ambiri amaona chapafupi kugwira ntchito mu WSL, imene ndi Linux yokhala mkati mwa Windows.

Chenjezo lomaliza ndi lalikulu kuposa onse. Chowonjezera chikalumikizidwa, chimayenda ndi mphamvu zanu zonse. Chingathe kuwerenga mafayilo anu, mawu achinsinsi amene munasunga, chilichonse. Musalumikize foda imene wina wakuponyerani pa WhatsApp musanaiwerenge. Komanso poyesa, musagwiritse ntchito mayina enieni a odwala, manambala enieni a alimi kapena a mamembala a banki mkhonde. Pekani fayilo yoyeserera yokhala ndi mavuto onse aja, ziro wosowa, mipata, manambala awiri, koma ya anthu opeka. Khodi imene ili pakati pokonzedwa ikhoza kutumiza uthenga weniweni mwangozi, mlimi n'kuuzidwa kuti alandira ndalama za mnzake, mkangano n'kufika kwa a nyakwawa. Ndipo dziko lino lili ndi malamulo: la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndi la Data Protection la 2024 loteteza mbiri za anthu. Kunena kuti ndimangoyesa sikudzakupulumutsani.

Ndisanatseke, ndili ndi pempho kwa magulu awiri.

Aphunzitsi a zamakompyuta, m'sekondale, m'makoleji a ntchito zamanja ndi m'mayunivesite: ana athu ambiri amamaliza akudziwa kulemba khodi papepala la mayeso, koma sanaonepo mmene khodi imalowera mu chida cha munthu wina. Phunziro la masana amodzi lokha n'lokwanira. Apatseni chida chaching'ono, alembe chowonjezera, alumikize, asinthe, ayese, achotse linki, aike mwatsopano pakompyuta ya mnzawo. Amene wadutsa masitepe amenewa saopanso kutsegula khodi ya pulogalamu yaikulu, chifukwa wadziwa kuti safunika kuimvetsa yonse kuti awonjezerepo kachidutswa kake.

Mabungwe ndi maofesi amene mumabweretsa mapulogalamu m'maboma a Balaka ndi Machinga: pamene mukugula kapena kulembetsa chida, funsani ngati chili ndi mpata wa zowonjezera, ndiponso ngati mwana wa kuno angathe kuchikonza pa laputopu yake popanda kudikira munthu wochokera kutali. Balaka inakhala boma palokha mu 1998 itachoka ku Machinga, ndipo kuyambira pamenepo taona mapulojekiti ambiri akubwera ndi kupita. Amene amasiya kanthu ndi amene anthu a pamalopo angathe kuwagwira ndi manja awo ndalama za pulojekiti zikatha.

Ndipo inu achinyamata, musadikire ntchito yaikulu. Sabata ino sankhani kantchito kamodzi kamene mumakabwereza ndi dzanja, kaya kusintha mayina a zithunzi, kaya kuphatikiza mafayilo a malipoti. Lembani kachowonjezera, kalumikizeni, kayeseni mpaka kagwire, kenako chotsani linki mukaike pakompyuta ya mnzanu muone ngati kayendanso. Pakavuta, funsani anzanu amene anayamba kale, paja safunsa anadya phula.

Nthawi yathu yathera pomwepa.